Mwini Mimba ya Stelia

Stelia wa ku Ligowe, amene ambiri amamudziwa kuti mayi a Rejoice, anadulidwa kawiri m'chaka chimodzi. Woyamba kumudula anali dokotala, ndipo dokotalayo anayamba wamuuza zonse: pamene mpeni udzadutse, masiku amene adzayende chowerama, ndi chipsera chimene adzapite nacho kumanda. Wachiwiri unali mpingo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womuchenjeza. Kudula kwachiwiriku kunayambira pa kalata imene ndinalemba ine ndi dzanja langali, choncho musadabwe mukamva mawu anga akutentha.

Ine ndine Mwajuma, mkazi wa a Yakubu. Tili ndi kagolosale pa Neno, pafupi ndi msika. Stelia ndinadziwana naye chifukwa cha khonde lathu, pamene ankatula dengu lake la mbatata ya kachewere tsiku la msika n'kupempha madzi akumwa. Iye wa kutchalitchi, ine wa kumzikiti, koma pakhonde paja tinkagawana chinangwa chimodzi n'kumajeda amuna athu mofanana. Anali mkazi wamtali, wa mawu aakulu, woseka mpaka kugwira mzati. Sukulu sanapondeko. Chimene ankadziwa ndi khasu, dengu ndi nyimbo za amayi a mpingo. Bulauzi yake yoyera ya amayiwo ankaisita bwinobwino ngakhale sabata imene m'nyumba munalibe mchere.

Anabereka kasanu ndi kawiri. Omaliza anali mapasa, obadwa ndi opareshoni chaka cha riferendamu, ndipo kuchokera pamenepo mimba yake inakana kubwerera. Amayi anzake anamuthowa ndi madzi otentha, anamumanga chitenje molimba monga timachitira ndi wochira aliyense, koma ayi ndithu. Minofu inali itapatukana pakati, mchombo unatumphuka ngati chibakera, khungu n'kulendewera mpaka kukhudza ntchafu. Nthawi yotentha pansi pa khungu lija pankatuluka zilonda. Akawerama polima msana unkamubaya, akanyamula dengu mchombo unkatupa. Anthu ndiye anapeza choseka. Pamsika ankati mwana wa m'mimba ya Stelia adzabadwa ndi ndevu, atagwira kale chitupa chovotera. Iye ankaseka nawo, koma ine amene ndinkamuthandiza kupaka mankhwala kuseri kwa golosale ndikudziwa kuti ankalira.

Mwamuna wake, a Jimu, anapita ku Joni chitangotha chisankho cha 1994, nthawi imene aliyense ankati dziko latseguka. Makalata ankabwera poyamba mwezi ndi mwezi, kenaka mwa apo ndi apo. Onsewo ankawerenga ndi a Gerishon, mphunzitsi wopuma amenenso anali mlembi wa mpingo. M'mudzi muja kalata iliyonse, ya chikondi, ya maliro kaya ya boma, inkadutsa pansi pa magalasi awo, kotero kuti ankadziwa za m'nyumba iliyonse kuposa makoswe a m'nyumbamo. Anali munthu wa kolala yoyera, woyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira pamutu, ndipo ine sindinawakondepo.

Tsiku lina masana anafika kwa Stelia ndi kalata ya a Jimu. Atawerenga anaipinda, n'kukhalabe pampando osadzuka.

"Mayi a Rejoice," anatero, "zaka zitatu zakwana. Munda ukakhala wosalimidwa umamera thengo. Ine khasu ndili nalo."

Stelia sankadziwa kunong'ona. Kuseri kwa nyumba kunali amayi atatu akusinja, ndipo onse anamva yankho lake.

"Khasu lanulo, bambo, kalimireni kwa mayi Modesta. Ndamva kuti nakonso thengo lafika m'chiuno."

Mayi Modesta anali akazi awo a Gerishon, komanso mtsogoleri wa amayi a mpingo. Misi inaima, amayi aja anagwa ndi phwete, ndipo sabata isanathe mudzi wonse unkawatchula a Gerishon kuti a Khasu, kumbali. Iwo anapitiriza kumuwerengera Stelia makalata ndi nkhope yomweyo ya Lamulungu.

Mu 1997 adokotala a kuchipatala chathu anamuuza Stelia kuti ku Blantyre kukubwera madokotala ochokera kunja okonza mimba zoterezi, ndipo anamulembera kalata ya Chingerezi yoti apite nayo. Stelia anafuna kuti mwamuna wake adziwe, choncho anapita nayo kwa a Gerishon kuti awalembere a Jimu. Apa gwirani bwino. A Gerishon anaiwerenga kalata ija mokweza, Stelia ndi mayi ake okalamba ali pomwepo, n'kumasulira okha kuti akunena za mchombo wotumphuka ndi minofu yopatukana, ndipo akakasoka khungu lotsala akalichotsa. Anapempheranso, kupempherera ulendo. Ankadziwa zonse.

Ku Blantyre wodikirira wodwala ndinali ine. Dokotala anali mayi wachizungu wa imvi, ndipo ankayankhula kudzera mwa nesi wina wa ku Thyolo. Anamuimika Stelia, n'kujambula pamimba pake ndi cholembera monga achitira telala pa nsalu.

"Akuti adula kuchokera pa fupa ili la m'chiuno kukafika pa linali," anatero nesi. "Minofu aikoka n'kuisoka pamodzi. Khungu lolendewerali alichotsa, lotsalalo alikokera pansi."

"Nanga mchombo wanga?" anafunsa Stelia.

"Mchombo ndi wanu womwewo, koma auboolera khomo latsopano."

"Khungu lochotsalo mupita nalo kuti? Musandinamize, asisi. Kwathu chinthu cha m'thupi sichisiyidwa ndi alendo."

Nesi anaseka, nati amatentha. Anatiuzanso kuti kwawo kwa dokotalayo akazi olemera amachita kufuna okha opareshoni imeneyi, kuti akongole basi. Stelia anagwira pakamwa. Iye chimene ankafuna ndi kuwerama polima popanda kulira. Kenaka dokotala anawerenga pa zala zake zimene tiyembekezere, nesi akumasulira chimodzichimodzi. Adzadzuka ndi timapaipi tiwiri totulutsa madzi ndi magazi. Kutsokomola kudzawawa, kuseka kudzawawa. Adzayenda chowerama masabata atatu kapena anayi. Mimba idzayamba yatupa isanaphwe. Asanyamule dengu, mtondo kaya mwana kwa miyezi iwiri, ndipo ndi bwino asadzatengenso pakati. Chipsera sichidzachoka. Chomaliza, khungu la kumunsi kwa mchombo lidzachita dzanzi. Kwa ambiri dzanzilo limatha, koma kwa ena pamenepo sipamvanso kanthu mpaka kalekale.

Zonse zinachitika monga ananenera. Stelia anadzuka ali ndi timabotolo tiwiri m'mbali, atamangidwa lamba wansalu kuyambira pansi pa mabere mpaka m'chiuno. Tsiku lachiwiri anamuyendetsa m'khonde, atapindika ngati nkhalamba yofunafuna singano pansi. Atasuzumira pansi pa lamba n'kuona kuti mimba yatupa, anandigwira dzanja nati atinamiza. Ndinamukumbutsa za chala chachinayi cha dokotala, iye anayamba kuseka, kusekako kunamuwawa, n'kunditukwana.

Tsiku lachitatu ndinakumana ndi a Dickson, oyendetsa lole ya kachewere yochokera kwathu. Ndinati mayi okalamba aja kumudzi sakugona tulo, ndiwatumizire mawu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo ndinkadzitama nayo. Ndinang'amba pepala m'kope, n'kulemba nditatsamira pa chitseko cha lole:

"Amayi, mimba ija achotsa dzana. Stelia anataya magazi pang'ono koma ali bwino. Musauze anthu ambiri mpaka titabwera."

Mzere womalizawo anandiuza ndi Stelia mwini. Ankafuna adzatulukire pamsika ali pyapyapya, oseka aja adzasowe chonena. Koma woyambawo ndi wanga. Ndinalemba "mimba" ndikuganiza za khungu lolendewera lija. Sindinaime ndi pang'ono pomwe kuganiza kuti m'chinenero chathu mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni zaka zitatu sachotsa mimba n'kukhala ndi dzina. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kuluma chala chimene chinagwira cholemberacho.

Mayi okalamba aja sankadziwa kuwerenga. Anapita nayo kuti? Kwa a Gerishon. Iwo anawerenga kawiri chamumtima, anawauza mayiwo kuti mwana wawo ali bwino, kalatayo n'kuiika m'thumba la jekete. Lamulungu lotsatira anaiwerenga kutsogolo kwa mpingo wonse, mawu akunjenjemera ngati munthu wosweka mtima.

Tinabwerera patatha masabata atatu. Stelia anatsika lole atapindika, atayezuka, akuyenda atagwira pamimba. Kwa munthu amene anamva kale kalata ija, umboni wina unali wosafunika. Palibe anabwera kudzamuzonda. Amayi amene anaimba naye zaka khumi ndi zisanu ankapatuka panjira akamuona. Tinamva chifukwa chake kuchokera kwa Rejoice, mwana wake woyamba, amene anabwera kusukulu akulira kuti anzake akumutcha mwana wa wopha ana.

Akulu a mpingo anamuitana Stelia. Abusa Ezekiele anali atangofika kumene m'derali, ndipo ku Ligowe ankabwera kamodzi pa mwezi, choncho chilichonse ankamvera kwa mlembi wawo. Stelia anapita ndi pepala limene anamutulutsira m'chipatala. A Gerishon analilandira ndi manja awiri, nati Chingerezi cha madokotala n'chokuluwika koma mawu oti "kuchotsa" alimo, ndipo alisunga ngati umboni. Abusa atalifuna mwezi wotsatira, pepala lija linali litasowa. Abusa anatuma amayi kuti akaone pamimba pa Stelia. Wotsogolera anali mayi Modesta, amene nkhani ya thengo lofika m'chiuno anali asanaiiwale.

"Chipsera tachiona," anakanena mayi Modesta, "koma chimene chinatuluka m'katimo sitinachione. Mpeni ndi umodzimodzi."

Ine ndinayenda wapansi mpaka ku Ligowe kuti ndikanene kuti kalatayo ndinalemba ndine, ndipo ndinaona zonse ndi maso angawa. A Gerishon anandiimitsa pakhomo mwaulemu kwambiri.

"Mayi, zikomo poyenda. Koma za mpingo wathu sizifuna mboni ya kumzikiti."

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Sanathandize.

Chigamulo chinali chakuti Stelia wadulidwa mumpingo kufikira tsiku limene adzavomere tchimo lake pamaso pa anthu n'kutchula mwini mimbayo, pakuti mwambo wawo ndi wotero: wolapa amatchula mnzake. Anamulanda bulauzi yoyera ndi duku lake. Pasanathe miyezi iwiri kunabwera kalata ya a Jimu, ya mizere itatu, yothetsa ukwati. Amene anawadziwitsa a Jimu ku Joni mukumudziwa, ndipo yemweyo ndiye anamuwerengera Stelia kalatayo. Chaka chotsatira mayi ake okalamba anamwalira. Amayi ovala zoyera anabwera, anaimba nyimbo ziwiri mothamanga, ndipo Stelia, mwini maliro, anakhala payekha kumbuyo kwa nkhokwe atavala chitenje wamba. Ndinakhala naye pamenepo. Sanagwetse msozi, koma nsagwada zake zinkachita kuoneka zikukukuta.

Ndinamuchonderera kangapo kuti tibwerere ku Blantyre. Dokotala uja anali atapita kwawo, koma nesi akanatilembera pepala lina.

"Pepala lina lidzalowa m'thumba lomwelo," anatero. "Dzina langa a Gerishon analichotsa ndi pakamwa pawo pamaso pa anthu. Adzalibweza ndi pakamwa pomwepo, pamaso pa anthu omwewo. Mlandu suwola, Mwajuma."

Thupi lake ndiye linachira. Miyezi iwiri itatha anayamba ndi kadengu kakang'ono, kenaka lalikulu, ndipo pofika nthawi yokumba kachewere ankalima kuposa amuna. Mimba inaphwa, chipsera chinada kenaka n'kuyera. Koma kuseka kuja kogwira mzati kunatha. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti akakumana ndi a Gerishon panjira ankapatuka, n'kugwada, n'kuwapatsa moni wa ulemu wonse. Ine ndinkafuna kuwathira mafuta a nyale m'thumba la ufa akabwera kudzagula kwathu. Iye ankangoti, "Asiye anenepe."

Ananenepadi. Kumayambiriro kwa 1999 a Gerishon anaganiza zopita ku nyumba ya malamulo. Anagula suti, anabwereka galimoto, n'kuyamba kuzungulira midzi ndi uthenga wobwezeretsa ulemu wa amayi, umene ankati demokalase yauwononga. Pamisonkhano sankatchula dzina, koma ankanena za mayi wina amene iwo anamudzudzula mosaopa, ndipo aliyense ankadziwa. Chipani chawo chinaika chisankho cha chipulula Lolemba lina, chija anthu amafola pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Kutatsala sabata imodzi, Stelia anatumiza mawu kwa abusa kuti watopa kukhala kunja, ndipo ali wokonzeka kuvomera Lamulungu likudzalo. A Gerishon atamva anakondwa ngati mbuzi imene sikudziwa kuti amalonda ali pafupi. Anaitana akuluakulu a chipani kuti adzapemphere nawo tsikulo, adzaone okha zipatso za kulimba mtima kwawo. Loweruka Stelia anatula dengu pakhonde pathu, namwa madzi.

"Mawa ubwere kutchalitchi," anatero.

"Ine? Ukudwala kodi? Ndiye ukavomera chiyani, poti sunalakwe?"

"Chiyambi unalemba ndiwe. Ubwere udzaone mathero."

A Yakubu nditawauza anati ndipite koma ndisakaimbe nawo. Ndinakhala pabenchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa nkhani inali itamveka kuti lero mwini mimba atchulidwa, ndipo amuna ena ndinkawaona akutuluka thukuta popanda chifukwa. A Gerishon anakhala kutsogolo pambali pa abusa, buku la mpingo lili pamiyendo, cholembera chili m'manja. Akuluakulu a chipani anawapatsa mipando yeniyeni.

Ulaliki utatha, Stelia anapita kutsogolo nagwada.

"Mayi Stelia," anatero abusa, "kodi mukuvomera zimene mpingo unakudzudzulirani?"

"Ndikuvomera, abusa. Ku Blantyre ndinapita, ndipo mimba ndinachotsa."

Anthu anapuma mokweza onse pamodzi. A Gerishon analemba, akugwedeza mutu mwachisoni.

"Mwambo mukuudziwa. Mwini wake ndani?"

Stelia anadzuka. Sanayang'ane abusa, anatembenukira kwa anthu, ndipo mawu aja aakulu amene tinali titawaiwala anabwerera.

"Abale, ine sindinapite kusukulu, ndiye ndingonena zimene ndikudziwa. Chichokereni bambo a Rejoice, mwamuna amene anabwera kunyumba kwanga kudzandifuna ndi mmodzi yekha. Amayi atatu amene anamumva ali muno, sindiwatchula, akudzidziwa. Mwamuna amene ankadziwa tsiku limene ndikupita ku Blantyre, ndi chimene ndikukachita kumeneko, ndi yemweyo. Kalata yopitira kuchipatala anandiwerengera ndi iye. Anapemphereranso ulendo wanga kuti zikayende bwino. Ndi awa akhala apawa, a Gerishon."

Munamva bodza pamenepo? Ine sindinamve ndi limodzi lomwe.

Zimene zinachitika sindingazifotokoze mwadongosolo. Mayi Modesta anakuwa ngati aponda moto. Kumbuyo wina anafuula kuti "A Khasu!" ndipo achinyamata a m'mawindo anayamba kuimba mluzu. Akuluakulu a chipani anayang'anana. A Gerishon anadzuka, buku la mpingo linagwa pansi, magalasi anapendekeka. Munthu amene zaka zonse ankayeza liwu lililonse asanalitulutse anakuwa ngati mwana wolandidwa chimanga.

"Bodza! Bodza lenileni! Munalibe mwana m'mimba imeneyo! Unali mchombo, minofu inapatukana, kalata ya dokotala ndinawerenga ndine! Pepala lake lili m'sutikesi mwanga mpaka lero, ndikalitenge pompano muone!"

Phokoso linatha pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo kufika kumbuyo, mmene anthu ankamvetsa zimene amva. A Gerishon nawonso anamvetsa, koma mochedwa. Anaima pakamwa pali yasa, dzanja lili m'mwamba. Stelia anadikira mpaka kunja kunamveka nkhuku ikutetera.

"Abusa, mwamva," anatero. "Zilembedwe m'buku. Koma wolemba mupeze wina."

Anatuluka pakati pa mabenchi ali chiwongokere. Pofika pakhomo anandikoka dzanja, ndipo ndikuvomera kuti ndinalulutira m'tchalitchi cha eni ake.

Lolemba tinapita kukaonera chisankho. Kumbuyo kwa a Gerishon kunaima anthu anayi: achimwene awo, woyendetsa galimoto yobwereka ija, mphwawo mmodzi, ndi bambo wina woledzera amene anasokoneza mzere. Mayi Modesta sanaoneke. A Gerishon anawachotsa pa ulembi wa mpingo sabata yomweyo. Chimene chinanditsekemera kuposa zonse n'chakuti mudzi unagawikana. Ena ankati a Gerishon ndi wabodza amene anasunga pepala zaka ziwiri mayi wosalakwa akuzunzika. Ena ankati iyayi, utsi sufuka popanda moto, mimbayo inali yawo ndithu. Akamufunsa Stelia kuti zoona ndi ziti, ankayankha kuti iye sadziwa kuwerenga, akafunse mlembi. A Jimu nkhani inawapeza ku Joni, koma anali atakwatira kale kumeneko, ndipo sanabwerenso.

Patatha masabata awiri, masana, ndili kwa Stelia tikusankha mbewu ya kachewere, tinaona abusa Ezekiele akubwera ndi phukusi, a Gerishon ali pambuyo pawo. Suti ija inali itayamba kuwakulira. Stelia anayala mphasa, anapereka moni kwa abusa, n'kukhala. Abusa anamasula phukusi natulutsa bulauzi yoyera ija ndi duku, zochapidwa ndi kusitidwa. Ataitambasula tonse tinaona chinthu chimodzi. Inasokedwa poyeza mimba yakale, ndipo tsopano mukanalowa a Stelia awiri.

"Mayi, mpingo unalakwa, ndipo ine ndinalakwa pomvera munthu mmodzi," anatero abusa. Ndiwayamikire, ananena mosazungulira. "Dzina lanu talibwezera m'buku. Malo anu pakati pa amayi akukudikirani. Bambo awa abwera kudzapepesa. Ndikupempha kuti muwakhululukire, mugwirane chanza, bala ili lipole."

A Gerishon anagwada pa dothi, natambasula dzanja. Ananena zambiri, za Satana, za kufooka kwa thupi, za ukalamba wawo. Stelia anawasiya mpaka mawu anawathera. Kenaka anamasula pini imene ankamangira chitenje chake, naiwongola.

"Abusa, taonani kuno."

Anatsitsa chitenje pang'ono, kungoonetsa kachigawo ka chipsera, n'kudzibaya ndi pini ija kumunsi kwa mchombo. Abusa anatseka maso. Ine ndinakuwa. Kadontho ka magazi kanatuluka, koma nkhope ya Stelia sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Dokotala uja anandiuziratu," anatero. "Anati podulidwa pamapola, koma kwa ena sipamvanso kanthu. Ine ndine mmodzi wa enawo. Bala lanu linapola kale, abusa, musavutike nalo. Dzina langa ndalandira, zikomo. Amayi anga anapita kumanda akundidziwa ndi dzina linalo, ndipo kumeneko buku lanu silifika. Bulauziyo mukapatse wina amene ingamukwane."

Dzanja la a Gerishon linali likadali lotambasula, likudikira chanza. Stelia anaika pini ija m'dzanjamo, magazi ali kunsonga, anawapinda zala mwaulemu kuti isagwe, n'kutenga khasu lake kupita kumunda.